Yankho kwa alamu pa za kapeti ya pabalaza

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti m'nyumba ya ku Matawale, ku Zomba, muyale kapeti yodzadza chipinda chonse, yapakati pokha, kapena ya pulasitiki yogula pa mita ija. Ndingoyankha pamawu, kulemba kungatalike.

Musanagule chilichonse, yambani mwaona ngati simenti yanuyo imatulutsa chinyezi. Zomba mukuidziwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula siipuma, makoma amachita kutuluka thukuta. Dulani pepala la pulasitiki, theka la mita mbali zonse, muliyale pakona, mulimate ndi selotepi kuzungulira, likhale masiku awiri. Mukamatula n'kupeza timadontho kunsi kwake, kapena simenti itada, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Zikatero yodzadza chipindayo muiwale. Imamwa chinyezicho, kunsi kumamera chuku, fungo lake silichoka ngakhale mutsegule mawindo onse, ndipo mwana wa mphumu ndiye amazunzika. Ya pulasitiki nayo imatsekera madziwo kunsi, imayamba kutukumuka, kenako imang'ambika pamene pamaponda miyendo ya mipando. Imeneyo ndi yabwino pamalo pouma, monga kuchipinda cha ana, chifukwa mumangokolopa basi.

Ine ndinganene kuti gulani yapakati, yoti anthu awiri angaipinde n'kukaiyanika panja. Pabalaza paling'ono tengani ya masentimita 160 kwa 230, pakakhala pakulu ya 200 kwa 290. Miyendo yakutsogolo ya masofa iziponda pakapeti kuti isamatsetsereke, ndipo kukhoma kutsale mpata wa masentimita 30 kapena 40 woti tsache lizidutsa. Yesani ndi tepi alamu, maso amanama. Muonenso mpata wa kunsi kwa chitseko, kapeti yokhuthala imachigwira chikamatseguka.

Tsopano za ulusi wake. Zambiri za m'mashopu ndi za polypropylene, umene ndi pulasitiki ndithu. Siimwa madzi, imauma msanga, imachapika ndi sopo waufa ndi bulashi, ndiye kunoko imayenera. Vuto lake ndi moto. Kakhala kamodzi kothetheka pambaula mu Juni kamasiya bowo lolimba losakonzeka, choncho mbaula izikhala kutali. Ya ubweya wa nkhosa imafunda bwino, imakhalitsa, koma ndi yodula, imachedwa kuuma ndipo njenjete zimaidya. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi ubweya weniweni, zulani kaulusi kamodzi muotche ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusanduka phulusa, pulasitiki amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Zija za ubweya wautali, ndikunena ulusi woimirira pamwamba pa kapeti, zooneka bwino pazithunzi, ayi ndithu. Nyenyeswa za nsima, mchenga, utitiri, zonse zimabisala m'menemo, ndipo popanda makina opopera fumbi simungaithe. Tengani ya ubweya waufupi, wosapitirira sentimita imodzi. Muipinde pakona ubweya uli kunja: nsalu ya kunsi ikamaoneka mosavuta, ulusi wake ndi wotalikirana, igona pansi msanga. Mtundu ukhale wa maluwamaluwa, wakuderako, chifukwa matope ofiira pa yoyera amaoneka tsiku lomwelo. Eya, ndingaiwale, pamene payalidwe kapetipo musapake polishi wofiira. Amathimbiriritsa kunsi kwake komanso imaterera.

Ya kaunjika ilibe vuto mukaiona bwino. Itembenuzeni, kunsi kukakhala kothetheka kapena kukuyoyoka ngati ufa isiyeni. Inunkhizeni, fungo la mkodzo wa galu silitha. Muyang'anenso nsikidzi m'mphepete mosokedwamo, ndipo ichapidwe, iume padzuwa masiku awiri kapena atatu isanalowe m'nyumba.

Pakhonde mkeka kapena mphasa zikukwanira, bola muziimika kukhoma madzulo, chiswe chisaipeze. Ya khonje musaiyike pakhomo lolowera, ikanyowa imasiya zipsera.

Munditumizire muyeso wa pabalazapo ndi zimene mupeze kunsi kwa pepala lija. Mupereke moni kwa achimwene ndi ana.