Ndatseka, koma mauthenga akubwerabe: tinene bwanji m'Chichewa?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Ndinamata malangizo pakhoma m'chipinda cha makompyuta, ndipo mzere wina umati "Mukamaliza, tsekani Telegram." Ana amadina ka X kaja n'kumapita, koma mauthenga awo amangotulukirabe pakona, wobwera pambuyo n'kumawerenga. Kodi "tsekani" ndi mawu olakwika?

Yankho: Aphunzitsi, anawo musawakalipire, achita zomwe munalemba. Mneni "tseka" amayenda ndi chinthu chokhala ndi khomo kapena chivundikiro, ndipo pa kompyuta chinthu chimenecho ndi zenera, bokosi limene pulogalamu imaonekeramo pa sikirini. Ka X kamatseka zenera basi. Pa Windows, mapulogalamu ochezerana monga Telegram, Discord, Slack ndi Microsoft Teams anawapanga dala kuti zenera likatsekedwa iwo azigwirabe ntchito, n'cholinga choti uthenga ukafika muumve. Mukayang'ana pansi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi, muwapeza atabisala kuseri kwa kamuvi koloza m'mwamba. Pa Mac n'chimodzimodzi: kabatani kofiira kamachotsa zenera, koma kadontho kamatsalira pansi pa chizindikiro cha pulogalamuyo pa Dock, mzere wa zizindikiro za mapulogalamu womwe uli m'munsi mwa sikirini. Nthawi yonseyi intaneti ikugwira ntchito, ndipo bandulo ya sukulu ikutha pang'onopang'ono.

Inu a kumapiri kuno mumadziwa kusiyana kwa kukwirira moto ndi phulusa usiku wa mu Juni ndi kuuthira madzi. Ka X kamangokwirira.

Tsono pali zochita zitatu, ndipo Chichewa chili nawo mawu a chilichonse. Kudina X pa mapulogalamu oterewa ndi kubisa zenera, kapena kutseka zenera, bola mutchule "zenera" poyera. Kuimitsa pulogalamu yonse ndi kuzimitsa. Ena amati kuthimitsa, ndipo onse awiri ndi Chichewa chabwino, musataye nthawi kukangana nawo. Pozimitsa, munthu amadina chizindikiro chija cha pafupi ndi wotchi ndi batani lamanja la mausi n'kusankha Quit kapena Exit. Pa Telegram, Ctrl ndi Q pamodzi zimachitanso zomwezo, pa Mac ndi Command ndi Q.

Mwina mungafune kulemba "tsekeranitu." Pakamwa amamveka bwino, koma ine papepala sindiwakonda. Kachidutswa ka "-ratu" ka mu "kutsekeratu" kali ndi matanthauzo awiri: "kutheratu" ndi kutha konse, pomwe "kulipiriratu" ndi kulipira nthawi isanakwane. Mwana wa Fomu 1 akhoza kumva kuti mukumuuza atseke msanga belu lisanalire.

Chachitatu ndiye chomwe mukusowa kwenikweni. Ngakhale mwana azimitse Telegram, mnzake akaitsegula mawa apezabe macheza onse ali mbee, chifukwa akaunti ikadali momwemo. Mawu ake apa ndi kutuluka, pakuti poyamba paja analowa. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi: "Mukamaliza, tulukani mu akaunti yanu, kenako zimitsani pulogalamu. Kudina X kumangobisa zenera."

Funso: Ndimagwira ntchito pa kasitolo kotayipa makalata ku Dedza Boma. Ine ndi mnzanga timatsutsana: kodi timati "pulogalamu yatsekeka" kapena "yatsekedwa"?

Yankho: Achimwene, onse ndi olondola koma sanena chinthu chimodzi. "Yatsekedwa" akusonyeza kuti alipo wina waitseka, ngakhale simunamutchule dzina. "Yatsekeka" sakuloza munthu, zangochitika, monga pamene pulogalamu yauma n'kuzimiririka yokha mukulemba. N'chifukwa chake mungathe kunena "yatsekedwa ndi Mayi Phiri," koma "yatsekeka ndi Mayi Phiri" sizimveka. Samalaninso mgwirizano: pulogalamu yatsekedwa, zenera latsekedwa, mazenera atsekedwa. Abwana akakufunsani za Teams yomwe yasowa pa sikirini, yambani mwasuzumira pafupi ndi wotchi musanayankhe kuti yatsekeka, chifukwa kawirikawiri imakhala ili pompo.