Kusudzula, kupatukana ndi pepala la decree nisi

Funso: "Achemwali anga anachoka kwa amuna awo chaka chatha. Abale ena akuti anasudzulidwa, ena akuti angopatukana. Tsopano kukhoti kwatuluka pepala lolembedwa kuti decree nisi, ndipo alamu angawo akuyenda nkumauza anthu kuti awadivosa. Nanga m'Chichewa tinene chiyani?" Wafunsa ndi mayi wina wa ku Mchinji.

Yankho: Mayi, tiyambe ndi alamu anuwo. Ine sindidana ndi mawu obwereka. Khoti, loya, majisitireti, onsewa tinabwereka ndipo anakhazikika. Koma "kudivosa" kumandinyansa m'khutu, chifukwa pamenepa sitinasowe mawu ayi. Tili nawo ambiri, ndipo aliwonse ali ndi ntchito yake.

Kupatukana ndi kulekana zimanena za anthu: wina wagona kuno, wina uko. Ukwati ukadalipo. Ngakhale khoti limatha kulamula kuti awiri apatukane popanda kuthetsa ukwati, ndipo wopatukana motero sangakwatire kapena kukwatiwa kwina. Tsono abale amene akuti achemwali anu angopatukana ndiwo ali pafupi ndi zoona.

Kusudzula ndiye mawu ondikomera. Tamvani mathero akewo, -ula. Timatseka nkutsegula, timavala nkuvula, timavundikira nkuvundukula, timamanga nkumasula. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti kusudzula kuli m'gulu lomweli: nkumasula chimene chinamangidwa. Wina adzandifunsa kuti nanga "kusudza" kuli kuti. Mwina kunasowa kale, basi. Umboni wanga ndi maliro. Mwamuna akamwalira, pakapita nthawi akuchimuna amasudzula namfedwa kuti akhale womasuka kukwatiwanso, pomwe panalibe ndewu kapena chigololo. Ndili mwana, agogo akati "mawa kuli chisudzulo" amanena zimenezi, ndipo anthu amapitako mwaulemu. Kusudzula sikuthamangitsa munthu. Kumafuna mboni, ndipo mboni zake ndi ankhoswe. Amene anamanga ndiwo amamasula. Mkamwini wongonyamuka usiku ndi bulangete lake sanasudzule, wathawa banja. Masiku ano anyamata akuti "ndamusudzula" atangolemba uthenga pa WhatsApp. Ankhoswe anali kuti?

Onaninso kuti kusudzula kuli ndi mbali. Mwa chizolowezi mwamuna ndiye amasudzula, mkazi amasudzulidwa. Nchifukwa chake mawuwa sakwanira bwino kukhoti, kumene mkazi kapena mwamuna aliyense angathe kukadandaula. Khoti silisudzula munthu. Khoti limathetsa ukwati, kapena tinene kuti limathetsa banja. Amene akufuna mawu osakondera anene "asudzulana"; pamenepo sindikangana naye.

Tsopano pepala lija. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limafuna kuti khoti likhutire kuti banja lasokonekera mosatheka kukonzanso. Likakhutira limapereka decree nisi. Nisi ndi Chilatini, tanthauzo lake "pokhapokha". Ndiye kuti ukwati udzatha ngati sipapezeka chifukwa choletsa. Ine ndimalitcha chigamulo choyembekezera. Chotsiriza ndi decree absolute, chigamulo chomaliza, ndipo pamenepo mpomwe banja latha pamaso pa lamulo. Lero achemwali anu akadali akazi a alamu anuwo. Alamuwo asafulumire kutuma ankhoswe kwina.

Pali mawu enanso amene mudzawamva m'khonde la khoti. Anthu akuti "mentenansi". Bwanji osangoti chithandizo, kapena ndalama zosamalira ana? Akuti "kasitode", pomwe nkhani ndi yakuti ana akhala ndi yani, awalera ndani. Apa mwambo ndi lamulo zimasiyana kalankhulidwe. Kwa ife a chikamwini timati ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kumene amalowola amati ana ndi a bambo. Khoti silifunsa kuti ana ndi a yani, limafunsa chimene chingakomere mwanayo. Za katundu, gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limapatsa mkazi ufulu wogawana mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri. Mwachilungamo, osati "pakati ndi pakati" monga ndimamvera ena akumasulira pawailesi. Zinthu ziwirizi nthawi zina zimakumana, nthawi zina ayi.

Nullity musaisokoneze ndi zonsezi. Kumeneko khoti likunena kuti ukwatiwo sunali wovomerezeka chiyambire, monga pamene wina anali asanakwane zaka 18. Chimene sichinamangidwe simungachisudzule.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kumva womasulira akutchula mwamuna kapena mkazi pa nkhani ya banja kuti "woimbidwa mlandu", ngati waba mbuzi. Wopita kukhoti ndi wodandaula, winayo ndi woyankha. Ndikudziwa kuti kwathu chilichonse chokambidwa pabwalo timati mlandu, ndipo "mlandu wa banja" ndaulolera. Koma achemwali anu akamapita kukatenga chigamulo chomaliza, muwauze kuti palibe amene akuzengedwa, ndipo asaiwale kudziwitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, chifukwa pepala la khoti silifika lokha kumudzi.