Zatheka bwanji mtsikana wa ku Florida kupambana mpikisano wa pa ayezi?

Imelo yandipeza sabata yatha kuchokera kwa achemwali ena, akuti anaona kavidiyo pa YouTube ka Erin Jackson akulandira golide wa Olympics pa speed skating, mpikisano wa liwiro pa ayezi, ndiye funso lawo ndi loti zoona munthu wokulira ku Florida komwe kumatentha angaphunzire ayezi miyezi inayi yokha basi n'kukafika ku Olympics? Kapena atolankhani akungokometsa?

Achemwali, nkhani ya miyezi inayiyo ndi yoona koma imasocheretsa, ndipo ine imandinyong'onya kumva anthu akuikamba ngati matsenga chifukwa imabisa zaka zambiri zomwe mtsikanayu anakhetsa thukuta.

Erin anabadwa mu 1992 ku Ocala, tawuni ya ku Florida, ku America. Ali mwana anali kale pa nsapato za matayala zija, inline, zomwe matayala ake amandandalika mzere umodzi, ndipo amathamanga nazo mipikisano yeniyeni osati zongosewera pamsewu ayi. Kochi wake anali mayi Renee Hildebrand, yemwenso anasula Brittany Bowe ndi Joey Mantia, onsewa anakafika ku Olympics ya pa ayezi kuchokera tawuni imodzi yomweyo. Ndiye mukaona anthu atatu ochokera malo amodzi opanda chisanu mudziwe kuti si mwayi. Kuwerama kuja, kukankha mwendo cham'mbali osati chakumbuyo, kupingasa miyendo pokhota, ntchafu zolimba zopirira kukhala chonjuta, zonsezi amaziphunzira pa matayala. Anaseweranso roller derby, masewera ogundana kwambiri, komanso sukulu sanaitaye, anamaliza digiri ya materials science and engineering pa University of Florida mu 2015.

Ayezi anaupondapo koyamba mu 2016 ali wamkulu kale. Chomwe chimavuta posintha ndi choti pansi pa nsapato pamakhala kachitsulo katali kopyapyala ngati mpeni, sikagwira pansi ngati matayala, umayenera kuphunzira kudalira m'mphepete mwake, ukalakwitsa pang'ono wagwa. Anapitadi ku Olympics ya ku Pyeongchang, South Korea, mu 2018 atachita matrening a pa ayezi pafupifupi miyezi inayi, koma anamaliza pa nambala 24 pa 500m. Izi ndiye anthu satchula. Panadutsa zaka zina zinayi akulimbikira ku Salt Lake City kuti afike pomwe mwamuonapo.

Mu November 2021 anapambana 500m pa World Cup ya speed skating ku Poland, mzimayi wachikuda woyamba kutero, ndipo nyengo imeneyo pa 500m analibe womuposa. Kenako January 2022 ku Milwaukee, pa mpikisano wosankha timu ya America yopita ku Olympics ya ku Beijing, anaterereka pang'ono n'kumaliza wachitatu pomwe malo otsimikizika anali awiri okha. Pa 500m mulibe chifundo, bwalo ndi la 400m, mpikisano wonse sufika ndi masekondi 40, palibe nthawi yokonza cholakwa. Apa ndi pomwe Brittany Bowe, mnzake wa ku Ocala uja yemwe anapambana tsikulo, anangoti malo angawa tenga iwe. Ine mpaka lero ndikaiganiza nkhani imeneyi imandikhudza, munthu kusiya malo a ku Olympics omwe wawavutikira yekha chifukwa akudziwa kuti mnzakeyo ndi amene angabweretse golide. Pambuyo pake America inapatsidwa malo ena owonjezera ndiye Bowe anathamanga nawobe, komanso anatenga bronze pa 1000m, koma popereka paja analibe chitsimikizo chilichonse choti athamanga nawo 500m.

Pa 13 February 2022 ku Beijing Erin anamaliza pa masekondi 37.04, kuposa Miho Takagi wa ku Japan ndi 0.08 yokha, kuphethira kwa diso. Mukawerengetsa ndi liwiro la pafupifupi 49km pa ola kuyambira chiimire. Anakhala mzimayi wachikuda woyamba kupata golide payekha ku Winter Olympics, kwa amuna anatsegula njira ndi Shani Davis wa ku Chicago mu 2006, ndipo mzimayi wa ku America womaliza kupambana 500m anali Bonnie Blair kalekale mu 1994.

Mukabwereranso ku kavidiyo kaja achemwali, muyang'anitsitse pokhota pomaliza momwe akupingasira miyendo thupi litapendekera mkati, amenewo ndi matayala a ku Ocala.