Achimwene, musamutaye warlock wanuyo

Achimwene, musamutaye warlock wanuyo, chonde. Zomwe mwalembazi, zakuti ma slot (mipata yoponyera matsenga) anu awiri akatha mumangokhala chete kuonerera mnzanu wa wizard (wamatsenga wophunzira m'buku) akuwala yekha, zandikumbutsa zanga mpaka mtima wawawanso ngati zachitika dzulo. Ine ndinasewera warlock, wamatsenga wopeza mphamvu pochita pangano, miyezi isanu ndi itatu, malamulo a 2014 a Dungeons & Dragons, masewera omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumaponya madayisi, ndipo anandiphera munthu wangayo ndi anzanga omwe.

Ndinkakhala ku Moatize nthawi imeneyo. Loweruka lililonse ndinkakwera chapa kuwoloka Zambezi kupita m'tauni ya Tete, kutentha konse kuja, chifukwa gulu linalipo limodzi lokhalo. Tinalipo asanu, madayisi seti imodzi tinkapatsirana, malamulo tinkawerengera pafoni. Munthu wanga ndinamulemba m'kope lasukulu, mbiri yake yonse, mudzi wake, mlongo wake amene ankamufunafuna, ndi pangano lomwe anachita kuti apeze mphamvu. Kopelo ndinkalibisa amayi akabwera kuchokera ku Angónia, chifukwa mukayesa kufotokoza warlock m'Chichewa mawu omwe amatuluka ndi akuti mfiti, ndiye nkhaniyo ikanafika kwa akuluampingo. Ndikunena zonsezi kuti mumvetse kuti sanali manambala chabe kwa ine.

Tinali pa level 5. Pamenepo wizard ali ndi ma slot 9, anayi a level 1, atatu a level 2, awiri a level 3, kuonjezera Arcane Recovery yomubwezera ma slot ena, ndipo m'buku mwake muli ma spell (matsenga) 14 ngakhale asanakopereko ena. Ine ndili ndi awiri basi. Koma awiri angawo onse ndi a level 3, ndipo amabwerera tikangopuma ola limodzi, pamene ake amadikira kugona kwa maola 8. Kusiyana konse kwagona pamenepo. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la woyendetsa nkhani (DM), imawerengera kuti tsiku limodzi la ulendo likhale ndi nkhondo 6 mpaka 8, gulu n'kupuma pang'ono kawiri pakatipo. Zikatero warlock amaponya ma spell 6 a level 3 pa tsiku, ndipo palibe amene angamuderere. DM wathu uja zimenezi sankazifuna n'komwe. Ine ndikapempha short rest, mpumulo wa ola limodzi uja, ankati adani ali pafupi. Wa wizard akangoti ma slot andithera, pompo tapeza malo abwino ogona mpaka kucha. Anali anzake a kalekale, ankakhala bairro imodzi.

Tsiku lomwe ndinalira linali lotere. Tinalowa m'phanga kukapulumutsa ana omwe anabedwa. Nkhondo yoyamba ndinaika Hex, temberero loika pa mdani, yomwe pa level 3 imatha kukhala maola 8 ngati sunasokonezeke, koma muvi unandibaya, concentration (kuikapo maganizo) inaduka, slot imodzi yapita. Nkhondo yachiwiri mdani wamatsenga anaponya Fireball (mpira wa moto) molunjika kwa wizard yemweyo, amene moyo wake ndi wochepa, anali atatsala pang'ono kugwa. Sindinaganize kawiri, ndinaponya Counterspell yoletsa matsenga a mdani, slot yanga yomaliza. Ndinamupulumutsa ineyo. Zikomo sanandiuze. Titamaliza ndinati abale, tipume ola limodzi, ndilibe kalikonse, wa fighter nayenso wavulala. Wa wizard anati ayi tiyeni, ine ndidakali ndi moto wanga. DM n'kugwedeza mutu kuvomereza, akuti m'phanga simupumidwa.

Tinafika chipinda chomaliza ine ndili ndi ma HP (mapointi a moyo) 21 mwa 38. Adani atatu anandizungulira pakhomo chifukwa ndinatsogola kukatchinga ana aja. Eldritch Blast, yomwe sifuna slot, ndinali nayo, mivi iwiri ya d10 (dayisi ya mbali 10) kuonjezera Agonizing Blast yoiwonjezera mphamvu, ndipo mmodzi ndinali nditamugwetsa kale. Itafika nthawi ya wizard anangoti Fireball, pakati penipeni pomwe ndinaima. Ndinati achimwene, ndili momwemo! Fireball imapsereza mamita 6 mbali zonse, sisankha nkhope. Akanakhala wizard wa mtundu wa Evocation, luso la Sculpt Spells loteteza anzako ku motowo likanandisiya wamoyo, koma iye anali wa mtundu wa Divination ndipo ankadziwa bwino lomwe. Anati udzilumphira wekha. Ndinaponya dayisi ya Dexterity kuti ndizinde motowo, inagwa 4. Iye anatenga d6 (dayisi ya mbali 6) imodzi yomweyo n'kuiponya maulendo 8, aliyense akuwerengera mokweza, ine manja ali thukuta lokhalokha, mpaka zinakwana 34. Ndinagwa. Death save, dayisi yoona ngati upulumuke imfa (yochepera 10 walephera, ukalephera katatu wafa), yoyamba inagwa 7. Wa cleric, wansembe wochiritsa, anali kutali, Healing Word yochiritsa patali akanatha kundiponyera koma ma slot anamuthera pochiritsa wizard yemwe uja, popeza sitinapume. Yachiwiri inagwa 1, ndipo mukudziwa kuti 1 amawerengedwa kawiri. Kunali zii. Revivify, youkitsa wakufa, imafuna slot ya level 3 ndi dayamondi wa golide 300 mphindi imodzi isanathe, ife tinalibe zonsezo.

Kenako wa wizard uja anaseka. Akuti class (mtundu wa munthu) yakoyo ndi yofooka kale, upange wizard ngati ine. DM osamudzudzula, anangoti ubwere ndi munthu watsopano sabata yamawa, n'kupitiriza kugawa chuma chomwe tinapeza m'phangamo. Ndinatseka kope langa n'kutuluka. Kunali kutada, ma chapa atasowa, ndinalipira njinga yamoto ndalama yomwe ndinasungira chakudya cha Lamulungu. Njira yonse mpaka ku Moatize misozi inkangotsika yokha.

Chomwe chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti anthu otere amati akudziwa masewerawa pamene sawadziwa. Amaona mndandanda wautali wa ma spell n'kuganiza kuti wizard ndiye mfumu ya onse. Anthu amatsengawa anawapanga osiyana dala. Sorcerer amadziwa ma spell 6 okha pa level 5, koma Metamagic imamulola kuponya imodzi kwa anthu awiri, kapena kuiponya mwakachetechete osalankhula mawu. Cleric ndi druid amasankha m'mawa uliwonse kuchokera pa mndandanda wawo wonse, druid n'kumasandukanso chilombo. Bard amakweza anzake. Warlock ndi wa ulendo wautali, anzake akauma iye amadzuka pa mpumulo ali wodzadza. Ngati DM amapereka nkhondo imodzi yaikulu pa tsiku kenako kugona, ndiye kuti wasankha yekha kuti wizard ndi sorcerer akhuthule zonse nthawi imodzi, warlock ndi fighter n'kukhala ongoperekeza. Mlandu umenewo ndi wa amene akuyendetsa nkhani. Ngakhale eni ake a masewerawa anaona kuti magulu ambiri sapuma, n'chifukwa chake m'malamulo a 2024 anapatsa warlock Magical Cunning pa level 2, mwambo wa mphindi imodzi wobweza theka la ma slot kamodzi pa tsiku.

Ndiye inu chitani izi. Mukhale pansi ndi DM wanuyo panokha, osati pamaso pa gulu, mumuonetse za nkhondo 6 mpaka 8 zija, mumupemphe short rest ziwiri pa tsiku, kapena avomere kuti mpumulowo ukhale wa mphindi 10 m'malo mwa ola. Mugwirizanenso nonse kuti palibe kuponya moto pa mnzako asanavomere. Musachoke pagulupo mwamsanga, kuno kwathu osewera ndi ochepa, kupeza anthu ena anayi si masewera. Ine ndinachoka osatsanzika ndipo sindinabwerereko, ndinakhala chaka chathunthu osagwira dayisi, koma inu pirirani. Slot yanu yomaliza musamaiwonongere munthu wina, muzisungira moyo wanu, ngakhale kunena zoona zitachitikanso lero Counterspell ija ndikhoza kuiponyanso.

Koma ngati mwalankhula naye iye n'kukanabe, musavutike, sinthani class. Panopa ndili ku Ulongwe, tinayambitsa kagulu ndi anyamata ena, ndipo ndimasewera cleric. Zida zankhondo ndimavala, Spirit Guardians (mizimu yonditeteza) ndili nayo, palibe amene amandiseka. Warlock sindinamugwirenso chichokereni tsiku lija, kope lija ndimangolisunga m'sutikesi.

Tandiuzani muli pa level yanji, ma invocation (mphamvu zapadera za warlock) munatenga ati, ndipo mukugwiritsa malamulo a 2014 kapena a 2024? Ngati Agonizing Blast mulibe, yambirani pamenepo.