Tsamba loyamba lopanda munthu

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Bangula. Walemba nkhani yopeka yokhudza madzi osefukira a namondwe wa Freddy, uja wa mu Malichi 2023, koma anzake atatu amene anawapatsa kuti awerenge, onse anathera pa tsamba loyamba. Wanditumizira masamba oyambirira n'kufunsa kuti, "Kodi ndalakwitsa pati?"

Achemwali, ndawerenga kawiri. Chichewa chanu n'chokoma ndipo mvula ija mwaifotokoza bwino zedi. Ruo wadzaza, Shire walusa, chimanga chagona m'madimba. Koma ndafika pansi pa tsamba osakumana ndi munthu ngakhale mmodzi. Woyamba akutulukira pa tsamba lachitatu, bambo wina, ndipo nayenso wangoima n'kumayang'ana madzi.

Takumbukirani mmene agogo ankayambira nthano madzulo. Iwo amati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse." Mawu otsatira ankakhala munthu: padali mkamwini wina waulesi, padali mtsikana wokana amuna. Tisanadziwe mudzi wake kapena nyengo yake, khalidwe lake tinkakhala taligwira kale, ndipo tinkasendera pafupi kuti timve kuti khalidwelo limufikitsa pati. Wowerenga wanu nayenso akufuna kuyankha kuti "tili tonse," koma ayankha akapeza woti ayende naye.

Tiyeni tiyese ndi madzi anu omwewo:

"Mwini bwato anali atakuwa kachitatu, koma mayi anali adakali pakhomo, madzi ali m'mawondo, akulimbana ndi loko. Anthu m'bwatomo anayamba kung'ung'udza. Iwo osatembenuka n'komwe. Apongozi awo asadzanene kuti anasiya nyumba ya mwana wawo chitsekukire."

Mizere ndi inayi yokha, koma chigumula chalowamo kale, chalowera m'mawondo a mayiwa ndi m'kukuwa kwa mwini bwato. Pali chimene mayiwa akufuna, nthawi ikuwathera, ndipo akuchita chinthu chimene munthu wina sakanachita. Akukhoma nyumba imene mwina mawa sidzakhalapo. Apa wowerenga mafunso amuchulukira. Apongoziwo ndi otani kuti aziopedwa kuposa Shire? Nanga mwamuna ali kuti? Mwina ali ku Nchalo kodula nzimbe, mwina anatsikira ku Mozambique osabweranso. Wowerenga atembenuza tsamba yekha kuti akamve.

Pali chinanso chimene chimandipweteka mtima, ndipo n'chifukwa chake ndikuyankha motalika chonchi. Anthu ambiri akamva za Nsanje ndi Chikwawa amangoganiza za kutentha, ng'ona ndi madzi osefukira. Anationa pa wailesi yakanema mu Januwale 2015, anationanso nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022, kenako Freddy. Nthawi zonsezi timaoneka ngati khamu la anthu m'misasa, titanyamula mitolo pamutu. Mukayamba ndi mitambo ndi mitsinje, wowerenga amati izi ndinaziona kale. Mayi wa loko uja sanamuonepo, ndipo amene angamuonetse ndi inu, poti mumakhala nawo anthu amenewa.

Koma samalani, kuyamba ndi munthu sikutanthauza kumulemba ngati chitupa cha unzika, kuti anali wamtali, wakuda, wazaka 42, wa ana asanu. Zimenezo zidikire, zina mwina sizidzafunika n'komwe. Komanso musamudzutse m'mawa n'kumusambitsa, kumumwetsa tiyi, ife tikudikira. Tim'peze ali kale pakati pa vuto lake.

Mulankhulitseni msanga. Kuno kuchigwa cha Shire pakamwa pa munthu pamaulula zambiri. Gogo amene wapatsidwa ufa pamsasa n'kunena kuti "takhuta" m'malo mwa "zikomo" watiuza kale kwawo, inu osalemba kuti ndi Msena. Akanena mawuwo maso ali kumbali, watiuzanso kuti kulandira chithandizo kukumuchititsa manyazi, iye amene nkhokwe yake ya mapira inkadyetsa mudzi.

Anthu oterewa simuwasowa. Khalani pamsika wa Bangula ola limodzi, kope lili m'manja. Onani mayi wogulitsa milamba yowamba mmene amabisira yaing'ono pansi pa mulu, kapena wakabaza amene amakana kukweza munthu wina wake ngakhale ndalama akuifuna. Musalembe maina awo, lembani zochita zawo.

Tsopano bwererani kwa bambo wanu wa pa tsamba lachitatu uja. Ndaona kuti penapake mwatchula kuti m'manja mwake munali chingwe, koma simunanene kuti n'cha chiyani. Ngati n'cha ng'ombe imene wangoimasula kuti idzipulumutse yokha, nkhani yanu ikuyambira pamenepo, mpeni uli m'dzanja linalo. Mukalembanso munditumizire, ndikufuna ndidziwe ngati ng'ombeyo inali yake.