Kwa inu amene mwapeza kanyumba ka tchuthi cha ku Kamphata

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mwapeza kanyumba kogonamo masiku anayi kumudzi cha ku Kamphata mwezi wa Ogasiti uno, mukupita ndi ana atatu pamodzi ndi amayi anu, ndiye mukufuna kudziwa kodyera ndi malo okaona. Ndaonanso ena akukuuzani kuti muzibwerera m'tauni kudzadya chifukwa ati kumeneko kulibe chilichonse. Zimenezo musamvere. Ine ndimakhala ku Area 23 koma kwathu ndi kwa Mazengera, msewu umenewo ndinayamba kuuyenda ndili kumsana kwa amayi. Mafuta amene mungathere pobwerera m'tauni tsiku ndi tsiku angakufikitseni ku Nkhoma, ku Chongoni ndi ku Dedza, ndipo ana adzabwerako ndi nkhani zokamba chaka chonse.

Ndiyambe ndi mimba, poti ana akamva njala palibe phiri lomwe lingawasangalatse.

Chakudya chabwino kwambiri chimene mukadye kumeneko chikachokera pa mafuwa a kanyumba komweko. Mukangofika, chezani bwino ndi amene amasamala nyumbayo. Muwapatse moni mokwanira, muwafunse za kunyumba, kenako muwapemphe akupezereni nkhuku yachikuda m'mudzimo. Iwowo amadziwa khomo limene lili ndi tambala wonenepa komanso mtengo wake weniweni, kusiyana ndi inu mlendo wofika pa galimoto. Nkhuku imeneyi siifuna zokometsera zambirimbiri ayi. Anyezi, tomato, mchere, moto wa nkhuni wosathamanga, basi. Imatenga nthawi kuti ifewe, ndiye muyambe msanga, koma msuzi wake mukaulawa mudzaiwala za m'firiji zija. Amayi anuwo muwasiyire nthutumba ndi chiwindi, ndipo ndikukhulupirira kuti adzakulandani mthiko n'kuphika okha.

Ogasiti ndi mwezi wabwino pa nkhani ya zakudya. Anthu akolola kale, mtedza ndi watsopano, ndiye nsinjiro zake zimanunkhira mafuta. Funsani mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya mutendere. Kumadimba kuli mpiru, repu, tomato ndi nzimbe. Mbatata ilipo yambiri, yootcha m'phulusa m'mawa ndi tiyi ana sadzafunsanso buledi. Ufa musavutike kunyamula wa m'sitolo. Gulani chimanga komweko, mutume mwana wamkulu apite kuchigayo ndi mwana wa a m'mudzimo, abwere ndi mgaiwa wotentha. Ulendo wakuchigayo wokhawo kwa mwana wokulira m'tauni ndi chinthu chachikulu.

Tsopano za kanyenya. Pa Kamphata, pa Nathenje, pa Nanjiri ndi pa Chimbiya pali anthu a ziwaya amene amaidziwa mbuzi. Koma pali lamulo limodzi limene ndinaliphunzira ndi misozi. Pitani m'mamawa, cha m'ma 10 kapena 11 koloko, mbuzi itangophedwa kumene, mwendo ukadali pa ngowe. Lozani nokha pamene mukufuna, adule mukuona, aponye m'chiwaya mukuona. Imani pomwepo mpaka ipse. Amakupatsirani pa kambale ndi kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola pambali, tomato ndi anyezi wodula, chipisi cha kachewere chili pomwepo m'mphepete mwa chiwaya chikudontha mafuta. Chaka china tikuchokera ku maliro tinaima pamalo ena usiku, ndinagula nyama imene inali itakazingidwa kale, iwo anangoitenthetsa. Mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba usiku wonse, mpaka tinakagogoda kuchipatala mbandakucha. Kuyambira pamenepo nyama yopezeka itapsa kale sindigula, kaya inunkhire bwanji.

Muonanso anyamata m'mbali mwa M1 atanyamula mbewa zopanidwa pa timitengo, ino ndiyo nyengo yake. Ngati kwanu mumadya, gulani zouma bwino. Ngati simudya, adutseni mwaulemu, ndi ndiwo za anthu ndiponso ndi geni imene ikugulira ana makope. Madzi akumwa funsani ngati ndi a pa mjigo, ndipo a ana muziwiritsa kapena munyamule a m'mabotolo.

Kokaona koyamba ndi ku Nkhoma, chifukwa kuli pakhomo penipeni. Pa Kamphata pomwepo mumasiya M1 n'kukhotera kum'mawa, msewu ndi wa phula, phiri mumaliona patsogolo panu njira yonse. Mishoni ya Nkhoma inakhazikitsidwa mu 1896 ndi amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene anayambira ku Mvera mu 1889. Agogo anga ankatiuza kuti nthawi imeneyo anthu a Mazengera ankakhala pamwamba pa phirilo kuthawa nkhondo, ankangotsika kukalima ndi kukatunga madzi. Mukakwera n'kuona matanthwe ake ndi mmene mungaonere munthu akubwera kutali, mudzamvetsa chifukwa chake anasankha pamenepo. Pansi pake pali tchalitchi chakale cha njerwa zofiira, nyumba zakale za amishonale, likulu la Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndi chipatala chimene chinayamba mu 1915, chotchuka pa matenda a maso. Buku Lopatulika limene amayi anu mwina amawerenga linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo amene anatsogolera ntchito yomasulirayo anali William Murray wa mishoni yomweyi.

Pokwera phiri nyamukani dzuwa lisanakwere, mutenge mnyamata wakomweko akutsogolereni, mugwirizane ndalama musanayambe. Mbali yoyamba ana amakwera bwinobwino. Chakumapeto ndi potsetsereka, pogwira ndi manja, ndiye wamng'onoyo musamukakamize. Amayi asakwere. Akhale pa mishoni pamthunzi, ndipo ngati ndi Lamlungu akalowe m'tchalitchi amve mmene anthu akwathu amaimbira nyimbo za m'buku popanda chida chilichonse.

Koma malo amene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musawaphonye ndi Chongoni. Zimandiwawa kuti alendo amachoka ku Ulaya kudzaona, pamene ife a Lilongwe timangodutsa pa M1 tikupita ku Blantyre osadziwa n'komwe. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 a zojambula zakale za pa miyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira, za mizeremizere ndi timagudumu, ndi za Akafula, anthu osaka aja amene makolo athu anawapeza kuno. Zoyera, zojambulidwa ndi dothi, ndi za Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi Nyau. Osavuta kufikako ndi Chentcherere, kufupi ndi koleji ya zankhalango ya ku Chongoni. Kuli malo enanso monga Mphunzi ndi Namzeze, koma muli ndi ana ndi gogo, Chentcherere yakukwanirani.

Ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi ali ndi zaka khumi. Phanga lake si lakuya, ndi thanthwe lalikulu lopendekera ngati khonde, pansi pali fumbi losalala. Poyamba sanaone kanthu, anangoti, "Amama, ndi mwala basi." Amene ankatitsogolera anamuuza kuti akhale pansi adikire maso azolowere. Patapita kanthawi analoza chinthu choyera chotambalala miyendo ngati buluzi wamkulu, kenako china, kenako chinanso pamwamba pake. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye anajambulawo anali atsikana ngati ine?" Tikubwerera m'galimoto sanagwire foni. Chimene chinandipweteka n'chakuti pambali pa zojambula zina anthu analembapo maina awo ndi makala. Chonde ana anu muwauziretu asanatsike m'galimoto: osakhudza, osathira madzi pofuna kuti ziwale pa chithunzi, osalembapo.

Mukachoka kumeneko Dedza ili pafupi, ndipo nkhomaliro ya tsiku limenelo mukadyere ku Dedza Pottery. Awa ndiwo malo okhala pa mpando n'kuitanitsa chakudya amene ndingakutchulireni mosakayika. Pali kapinga woti ana athamangepo, pali khofi, ndipo keke yawo ya tchizi ndi yodziwika kwa aliyense woyenda msewu umenewu. Mitengo yake ndi ya m'tauni, ndiye konzekerani. Ana aone mmene dongo limasandukira kapu ndi mbale, amayi muwagulire kapu imodzi yojambulidwa. Dedza ndi yozizira, tauniyo ili pamtunda ndipo phiri lake limapitirira mamita 2,000, ndiye majuzi asatsale ngakhale m'mawa kutacha ndi dzuwa. Pobwerera gulani kachewere, kabichi ndi nsawawa m'mbali mwa msewu, mudzafika nazo mpaka ku Lilongwe. Musaiwale ndalama ya geti lolipiritsa la pa Kalinyeke.

Ngati galimoto ili bwino mabuleki ndipo muli ndi tsiku lathunthu, pitani ku Mua. Mumapitirira Dedza, n'kukhotera kumanzere pa Masasa, kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Msewuwo ndi wokhotakhota, tsikani ndi giya yaying'ono, koma kukayera mumaona chigwa chonse mpaka kunyanja. M'mbali mwake muli amisiri osema timagalimoto ndi tinjinga ta mitengo, ana anu sakulolani kudutsa osaima. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso zigoba za gule mazanamazana. Ulendowu ndi wautali kwa amayi, ndiye muwafunse kaye mmene akumvera m'thupi. Akati atopa, Mua idzadikira ulendo wina.

Ena akutchulirani Dzalanyama. Ndi nkhalango yokongola zedi, ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi omwe timamwa m'tauni muno. Kumenekonso ndi kumene kuli Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba anatsikira n'kusiya mapazi pa thanthwe. Koma kuchokera ku Kamphata ndi njira ina, ndipo chakumapeto msewu ndi wafumbi. Isungeni, mudzapite mukuchokera kunyumba. Chimene mungaonjezere popanda kuvutika ndi phiri la Ngala ya Pakamwa, lija limaoneka ngati layasamula mukamadutsa cha ku Nathenje. Auzeni ana alifunefune okha pa windo, amene ayambe kuliona mumugulire nzimbe.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuuzani ngati mwana wakumeneko. Mukupita m'dera la Gule Wamkulu, ndipo miyezi ino anthu atakolola ndi pamene kumachuluka ziliza ndi miyambo ina. Mukakumana ndi gule panjira, patukani, galimoto muyendetse pang'onopang'ono, ana asaloze chala kapena kuseka, ndipo musajambule musanapemphe. Kankhalango kowirira kamene mungakaone pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, musalowemo kufuna nkhuni kapena mthunzi. Mukamva ng'oma madzulo ndipo mukufuna kukaonera, uzani amene amasamala nyumba aja akuperekezeni kwa amfumu. Mukafika mwa njira imeneyo amakulandirani ndi manja awiri, amayi amawapatsa pokhala pabwino, inu mumangokonzekera kandalama kofupa. Inuyo ndi atsikana anu munyamule zitenje, m'mudzi zimathandiza kwambiri.

Tinthu tina tating'ono: ndalama nyamulani zapamanja, zosinthasintha, chifukwa wogulitsa nkhuku kapena tomato sikuti nthawi zonse ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndipo netiweki m'zigwa imavuta. Mafuta thirani mokwanira musanatuluke m'tauni. Tengani tochi, machesi, mankhwala a amayi, ndi neti ngati eni nyumba sanakutsimikizireni kuti ilipo. M1 usiku imakhala ndi njinga zopanda nyali ndi ngolo, ndiye muzionetsetsa kuti dzuwa likamalowa mwafika kale pakhomo.

Ndikanakhala ine, tsiku lofika ndikanangokhala panyumba ndi nkhuku ija, lachiwiri Nkhoma, lachitatu Chongoni ndi Dedza, lachinayi n'kuona mmene amayi adzukira. Madzulo kumazizira ndipo mphepo ya Ogasiti imalowa mpaka m'mafupa, choncho pemphani nkhuni zokwanira muziotha panja, mtedza uli pa phale. Bulangete la amayi likhale lawolawo lochokera kunyumba, a m'nyumba zogona alendo amakhala opyapyala. Mundiuze kuti kanyumbako kali mbali iti ya msewu, ya ku Nkhoma kapena inayo, ndikuuzeni msika umene uli pafupi nanu.