Kodi digiri ili ndi phindu lanji ngati ntchito zikusowa?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE ndipo wasankhidwa kukaphunzira ku Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba. Ndikuganiza zogulitsa munda kuti ndimulipirire fizi, koma ndikuona achinyamata ambiri a madigiri akungokhala pakhomo. Kodi cholinga cha maphunziro amenewa n'chiyani? Ndine mayi wa ku Chinamwali.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Pamene yunivesiteyi inkayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, isanasamukire ku Chirunga mu 1973, dziko linali litangolandira ufulu wodzilamulira ndipo linkasowa aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi olowa m'malo mwa atsamunda, choncho ntchito inkachita kumudikira wophunzira. Lero mayunivesite a boma alipo 6, kuphatikizapo ya zamalonda ndi sayansi ya MUBAS ndi ya zaumoyo ya KUHeS zomwe zidachoka pansi pa Yunivesite ya Malawi n'kuima pazokha mu 2021, pomwe mipata ya ntchito sidachuluke mofanana.

Komabe ine ndikuti mwanayo apite, chifukwa ntchito yeniyeni ya yunivesite ndi kuphunzitsa munthu kufunsa gwero la vuto, kufufuza umboni ndi kupeza yankho lomwe ena angadalire. Taganizirani za nyanja ya Chilwa, yomwe idaphwa mu 1968 komanso mu 1995. Ofufuza, ena mwa iwo a yunivesite yomweyi, adaonetsa kuti nyanjayi imaphwa mvula ikachepa zaka zotsatizana, ndipo matemba amapulumukira m'mitsinje yothira m'nyanjamo monga Likangala ndi Domasi, kenaka n'kubwerera madzi akadzaza. Msodzi wa ku Kachulu, doko la panyanjayi, amapindula ndi nzeru imeneyi ngakhale sadapondeko m'kalasi, pakuti ndi imene imatiuza kuti kuwononga mitsinje n'kuwononga usodzi. Mwana wanu akaphunzira kuganiza chomwechi, luso lakelo adzaligwiritsa ntchito kaya walembedwa ntchito kaya wayamba bizinesi yake. Ndisaiwale kunena kuti makoleji monga la aphunzitsi ku Domasi ndi la ntchito zamanja ku Nasawa si apansi ayi, kungoti cholinga chawo n'kusula munthu pa luso limodzi.

Koma munda musagulitse, chifukwa ndiwo udzakudyetsani pa zaka 4 zomwe mwanayo akhale pasukulu. Boma lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite mu 2015, ndipo ngongoleyo amabweza akamaliza maphunziro. Muuzeni atumize pempho lake bungwelo likangolengeza, komanso akafunse ku ofesi yoona za ophunzira ngati pali mabungwe ena othandiza pa fizi.